Maso Oona mu Mdima: Mbiri ya Kujambula Nyama za Usiku ndi Nkhalango za ku Thyolo

Nkhani yathu ya lero ikutitengera ku Thyolo, boma la tiyi. Amene adayendapo pa mseu wochokera ku Limbe, kudzera pa Bvumbwe ndi pa boma la Thyolo mpaka ku Luchenza, amakumbukira minda yobiriŵira yoyalidwa pa zitunda ngati mphasa. Koma woyang'anitsitsa amaonanso kuti m'makwalala ndi m'mphepete mwa timitsinje, pakati pa tiyiyo, muli timagulu ta mitengo italiitali ya masamba akuda. Timagulu timeneti ndi zotsala za nkhalango yakale, imene idalipo tiyi asanafike. Masana mumakhala zii. Othyola tiyi akaŵeruka, dzuŵa n'kuloŵa, eni ake a nkhalangozo amadzuka: achanga, afungwe, anungu, nguluŵe, mileme ndi akadzidzi. Lero tifuna kulondola mbiri ya njira zimene munthu wakhala akudziŵira nyama za usikuzi, kuyambira pa khutu la mlenje kufikira pa makamera a masiku ano amene amajambula okha mu mdima. Pamapeto pake tidzafunsa chimene makina otereŵa angachitire Thyolo.

Njira yoyamba ndi ya makolo athu. Iwo adazidziŵa nyama za usiku osaziona kaŵirikaŵiri. Adazidziŵa pomva kulira kwake, poŵerenga mapazi ake pa matope m'maŵa, potola minga ya nungu m'munda wa chinangwa, ndi popeza pamalo pamene fungwe amachitira chimbudzi tsiku ndi tsiku. Mlenje wotchera diŵa kapena khwekhwe ankadziŵa mpita wa nyama iliyonse ndi nthaŵi imene imadzera. Maina a malo nawo amatikumbutsa nyamazi: mau akuti Bvumbwe ndi dzina la kanyama kofanana ndi mphaka kamene kamagwira nkhuku usiku, ndipo Nchima, dzina la esiteti ina ya tiyi, ndi dzinanso la pusi wa m'nkhalango zoŵirira. Nzeru imeneyi inali yozama, koma inkasungidwa m'mitu ya anthu. Mlenje akamwalira, gawo lina la nzeruyo linkapita naye kumanda. Ndiponso mdima unkabala mantha, kotero kuti fisi ndi kadzidzi adasenzetsedwa mbiri ya ufiti imene akuyenda nayo mpaka lero.

Kenaka kudabwera tiyi. Mbeu zake zidayesedwa koyamba pa mishoni ya Blantyre m'chaka cha 1878, minda idayamba ku Mulanje m'chaka cha 1891, ndipo ku Thyolo tiyi adabzalidwa kuyambira 1908. Malo aakulu a m'bomali anali atagwa kale m'manja mwa azungu m'zaka za m'ma 1890, pamene Harry Johnston adaŵapatsa zikalata zotsimikiza umwini wao. Alomwe ochokera ku Mozambique adaloledwa kukhala pa malowo pogwira thangata, ntchito yolipirira pokhala, imene idathetsedwa m'chaka cha 1962. Nkhwangwa za anthu a thangata ndizo zidagwetsa mitengo kuti tiyi apeze malo. Eni minda adasiya nkhalango pamalo otsetsereka kwambiri ndi pa akasupe, poti pamenepo tiyi sakadapindula ndipo madzi ankafunika kutetezedwa. Pamwamba pa phiri la Thyolo boma lidakhazikitsa nkhalango yotetezedwa m'chaka cha 1924, ya mahekitala oposa 1,300.

Pamodzi ndi tiyi padafika njira yachiŵiri yodziŵira nyama, ndiyo ya mfuti, msampha ndi cholembera. Mmodzi mwa azungu amene adalima ku Thyolo anali Rodney Wood, amene adakhala ndi moyo kuyambira 1889 mpaka 1962, ndipo ndiye adadzakhala woyamba kupatsidwa udindo woyang'anira nyama za kuthengo mu Nyasaland. Wood ankagwira mbeŵa, mileme ndi tinyama tina ku Chiromo ndi ku Thyolo, n'kumatumiza zikopa ndi zigaza zake ku London. M'chaka cha 1922 katswiri wina dzina lake Kershaw adasindikiza ndondomeko ya nyama zimenezo pamodzi ndi zimene Wood adalemba za makhalidwe ake. M'chaka cha 1927 William Sclater adalemba za kambalame ka pansi pa nkhalango kamene kadagwidwa pa phiri la Thyolo, nakapatsa dzina lokhala ndi mau akuti choloensis, kutanthauza kuti kwao n'ku Cholo, monga azungu ankalembera dzina la bomali. Kambalame kameneka kamatsata linthumbu likamayenda, n'kumadya tizilombo tothaŵa linthumbulo. Arthur Loveridge wa ku yunivesite ya Harvard nayenso adafika pa phirili pa ulendo wake wa 1948 ndi 1949, kutola achule, abuluzi, njoka ndi tinyama ting'onoting'ono. Ntchito ya anthu ameneŵa ndi ya mtengo wapatali, chifukwa popanda iyo sitikadakhala ndi umboni wolembedwa wa zimene zinali m'nkhalangomo. Komabe njira yao inali ndi malire ake. Kuti nyama idziŵike inayenera kufa, ndipo chikopa cha m'kabati sichinena za mmene nyamayo inkalerera ana ake.

Nthaŵi yomweyo, kutali ndi kwathu kuno, anthu ena anali kuyesa njira yachitatu. Tiyeni tiwoloke nyanja pang'ono. Ku Michigan, m'dziko la America, kunali loya wina dzina lake George Shiras, amene poyamba anali mlenje. Eni dziko a kumeneko, a mtundu wa Ojibwa, ankasaka usiku pa bwato atayatsa moto kutsogolo kwa bwatolo, kuti maso a nyama zodzamwa madzi aŵale. M'zaka za m'ma 1890 Shiras adatenga nzeru imeneyi, koma m'malo mwa mfuti adaika kamera ndi ufa wa magnesium, umene ukayaka umang'anima ngati mphezi. Pambuyo pake adaganiza zomanga kachingwe modutsa mpita wa nyama, n'kukalumikiza ku kamera ndi ku ufa uja, kuti nyama ikakakhudza idzijambule yokha iye ali m'tulo. Omvera amene adatcherapo diŵa aona kale kuti nzeru yake ndi imodzimodzi: kusankha mpita, kubisa fungo la munthu, kuika nyambo, ndi kudikira. Kusiyana kwake n'kwakuti msampha wa Shiras unkagwira chithunzi, nyama n'kupitiriza ulendo. M'mwezi wa July 1906 magazini ya National Geographic idasindikiza zithunzi zake 74, ndipo anthu ambiri adaona kwa nthaŵi yoyamba zimene nyama zimachita munthu akagona.

Mu Africa muno njira imeneyi idafika msanga. Mjeremani wina, Carl Georg Schillings, adajambula mikango, anyalugwe ndi afisi usiku m'dziko limene lero ndi Tanzania, ndipo buku la zithunzi zake lidatuluka m'chaka cha 1905. Ku India, m'zaka za m'ma 1920, mkulu woyang'anira nkhalango dzina lake Frederick Champion adatchera makamera ake pa njira za akambuku aakulu amizeremizere a kumeneko. Iye adazindikira chinthu chimene chidadzakhala maziko a ntchito yonseyi: mizere ya kambuku mmodzi sifanana ndi ya mnzake, monga zidindo za zala za anthu sizifanana. Motero chithunzi chingathe kunena kuti uyu ndi yemwe uja adadutsa dzana, kapena kuti ndi mlendo.

Koma zipangizo za nthaŵi imeneyo zinali zolemetsa ndi zovuta. Kamera inkajambula chithunzi chimodzi chokha usiku wonse, chifukwa panafunika munthu wodzasintha galasi lojambulirapo ndi kuthiranso ufa. Ufawo unkaphulika ndi phokoso ndi utsi, nyama n'kuthaŵa ili njenjenje. Nthambi yogwa kapena mvula zinkatha kukoka kachingwe kaja, wojambula n'kupeza m'maŵa kuti wajambula thengo lopanda kanthu. Chimene chinkasoŵa chinali kuŵala koti kamera ione koma nyama isadzidzimuke.

Chodabwitsa n'chakuti kuŵala koteroko kunali kutadziŵika kale zaka pafupifupi 100 Shiras asanayambe ntchito yake. M'chaka cha 1800, ku England, katswiri wa nyenyezi William Herschel adadutsitsa kuŵala kwa dzuŵa pa galasi la mbali zitatu, limene limagaŵa kuŵalako m'mitundu ya utaŵaleza. Iye adafuna kudziŵa mtundu umene uli wotentha koposa, ndipo adaika kachipangizo koyezera kutentha pa mtundu uliwonse. Atakasuntha kupitirira pofiira, pamene maso sankaona kanthu, kachipangizoko kadasonyeza kutentha kwakukulu kuposa pena ponse. Apo adadziŵa kuti kuseri kwa kufiira kuli kuŵala kumene diso la munthu silikuona. Kuŵala kumeneku ndiko kumatchedwa infrared.

Makamera a masiku ano amagwiritsa ntchito infrared m'njira ziŵiri, ndipo ndi bwino kuzisiyanitsa. Yoyamba ndi yodzutsa kamera. Thupi lililonse lofunda, la munthu, la gwape kapena la khoswe, limatulutsa infrared mwa ilo lokha, monga mbaula imatulutsa kutentha ngakhale makala ataphimbidwa ndi phulusa. Kutsogolo kwa kamera kuli kadiso kamene kamamva kusintha kwa kutenthaku. Chinthu chofunda chikayenda patsogolo pake, kadisoko kamadzutsa kamera nthaŵi yosakwana sekondi imodzi. Ichi ndicho chidaloŵa m'malo mwa kachingwe ka Shiras. Njira yachiŵiri ndi younikira. Kamera ili ndi timababu ting'onoting'ono timene timaŵalitsa infrared pa nyamayo. Kwa munthu, ndi kwa nyama zambiri zoyamwitsa, malowo amakhalabe mdima, kapena pamangooneka kakufiira kochepa ngati khala lozilala, koma kamera imaona bwinobwino. Ichi ndicho chidaloŵa m'malo mwa ufa wophulika uja. Zithunzi zake zimatuluka zakuda ndi zoyera, maso a nyama ali ngwee ngati nyali ziŵiri, chifukwa kuseri kwa diso la nyama zambiri za usiku kuli kachikopa konyezimira kamene kamabweza kuŵala. Alenje osaka ndi tochi amakudziŵa bwino kuŵala kwa maso kumeneku.

Filimu italoŵedwa m'malo ndi timakhadi tosungira zithunzi m'zaka za m'ma 2000, kamera imodzi yokwana m'dzanja, yomangidwa pa tsinde la mtengo, idayamba kutha kukhala m'thengo milungu yambiri pa mabatire ochepa, n'kusunga zithunzi zikwizikwi pamodzi ndi kanema wamfupi, chilichonse chili ndi tsiku ndi ola lake. Akuluakulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo pa kudekha palibe mlenje angapose makina ameneŵa. Opanga mafilimu nawo adatenga nyali zikuluzikulu za infrared. M'chaka cha 2006 wailesi ya kanema ya BBC idaonetsa, mu pulogalamu ya Planet Earth, gulu la mikango pafupifupi 30 likugwetsa njovu usiku ku Savuti m'dziko la Botswana. Akadaunika ndi nyali wamba, njovu ndi mikango yomwe zikadasintha khalidwe, ndipo chimene chikadajambulidwa sichikadakhala choona.

Phindu lalikulu koposa la makameraŵa lili pa kuŵerenga. M'chaka cha 1995 Ullas Karanth wa ku India adasonyeza mmene nzeru ya Champion ija ingagwirire ntchito pamodzi ndi masamu: ukadziŵa akambuku angati ajambulidwa kamodzi ndi angati abwereranso, ungathe kuyerekeza chiŵerengero cha onse, ngakhale amene sadadutse pa kamera. Ku Serengeti, ku Tanzania, makamera 225 adatcheredwa kuyambira 2010, ndipo zithunzi zidachuluka kotero kuti anthu wamba a m'maiko ambiri adathandiza kuzisanthula pa intaneti.

Tsono tibwerere kwathu. Ku Kasungu National Park, pakati pa 2016 ndi 2018, ofufuza a Carnivore Research Malawi pamodzi ndi a yunivesite ya Nottingham Trent adatchera makamera kuti aŵerenge anyalugwe ndi afisi poyang'ana maŵanga ao. Adapeza kuti pa malo alionse a makilomita 10 m'litali ndi 10 m'lifupi panali anyalugwe osakwana aŵiri, ndipo afisi anali ochepa kuposa pamenepo. Chiŵerengero chimenechi n'chotsika kwambiri, ndipo chidasonyeza mmene kupha nyama mozemba kudasautsira nkhalangoyo. Kufupi ndi Thyolo, munthu akatsika mapiri n'kuwoloka Shire, kuli Majete, m'boma la Chikwawa. Kumeneko njovu zidatheratu pofika 1992. Bungwe la African Parks lidayamba kuyang'anira malowo m'chaka cha 2003, nkubwezeramo zipembere chaka chomwecho, njovu mu 2006, anyalugwe mu 2011 ndi mikango mu 2012. Ophunzira a ku yunivesite ya Stellenbosch adagwiritsa ntchito makamera ojambula okha potsata mmene nyamazo zikuswanirana. Choncho kamera yomweyo idachitira umboni za kutha kwa nyama ku Kasungu ndi za kubwerera kwake ku Majete.

Nanga ku Thyolo? Apa mbiri yathu ikuŵaŵa, chifukwa makina oona mu mdima adafika nkhalango yaikulu itapita. Pa kalembera wa 1987 bomali linali ndi anthu pafupifupi 430,000, ndipo pa wa 2018 anali atapitirira 700,000, pamene nthaka yabwino yambiri idakali pansi pa tiyi. M'zaka za m'ma 1990 ndi kuchiyambi kwa zaka za m'ma 2000 anthu osoŵa polima adakwera phiri la Thyolo ndi nkhwangwa ndi makasu, ndipo nkhalango ya boma ija idasanduka minda ya chimanga ndi nthochi. Chidatsala ndi kachigawo ka phirilo kamene kali m'malire a esiteti ya Satemwa, imene Maclean Kay adaikhazikitsa m'chaka cha 1923, pamodzi ndi timagulu tija ta m'maesiteti ena, timene bungwe la BirdLife International lidatiŵerengera pakati pa malo ofunika kwa mbalame mu Africa m'chaka cha 2001. Si chilungamo kuloza chala mlimi wa ana asanu amene adalibe pobzala, popanda kukumbukira zikalata za Johnston ndi thangata. Ndiponso si chilungamo kubisa kuti chimene chidatayika pa phiripo sichidzabwereranso m'moyo wathu uno. Madzi akatayika saoleka.

Kukula kwa chotayikacho tingakuone pa nkhani ya changa, imene ife a wailesi imatikhudza mwapadera poti ndi nkhani ya mau. M'chaka cha 1989 Courtenay ndi Simon Bearder adasindikiza zimene adapeza atajambula kulira kwa achanga a m'Malaŵi. Adasonyeza kuti achanga ofanana m'maonekedwe angathe kukhala a mitundu yosiyana, ndipo chimene chimaŵasiyanitsa ndi kaitanidwe kao usiku. Kuchiyambi kwa zaka za m'ma 2000 mabuku a akatswiri adayamba kutchula kachanga ka pa phiri la Thyolo pakati pa mitundu yoyembekezera kufufuzidwa ndi kupatsidwa dzina, nthaŵi yomweyo pamene mitengo imene kankalumphamo inali kugwa. Kambalame kaja ka Sclater kadachita mwai, chifukwa kamapezekanso ku Mulanje ndi pa mapiri ena a ku Mozambique, makamaka pa phiri la Mabu, pamene Julian Bayliss ndi anzake adakapeza nkhalango yaikulu yosaonongeka, ulendo wao waukulu uli wa 2008. M'chaka cha 2024 akatswiri omweŵa adalengeza kuti mapiri a kumwera kwa Malaŵi ndi kumpoto kwa Mozambique ndi chigawo chimodzi chapadera, chokhala ndi zomera ndi nyama zoposa mitundu 200 zosapezeka kwina kulikonse, ndi kuti kuyambira 2000 chigawochi chataya magawo 18 pa 100 alionse a nkhalango zake zoŵirira.

Kamera siingadzale mtengo, koma pa timagulu totsala ta ku Thyolo ingathe kuyankha mafunso amene Wood ndi Loveridge sakadatha kuyankha. Ingatiuze ngati afungwe ndi agwape amadutsa m'mizere ya tiyi usiku kuchoka pa kankhalango kena kupita pa kena, kapena ngati kagulu kalikonse kadatsekeredwa pa kachilumba kake. Yankho limeneli ndilo lingatsogolere kumene kuyenera kubzalidwa mitengo ya chilengedwe m'mphepete mwa mitsinje kuti tizilumbato tilumikizane. Ingasonyezenso phindu la nyama zimene timaziopa. Kadzidzi amadya makoswe oononga nkhokwe. Fungwe amamwaza njere za zipatso za m'nkhalango. Ku Levubu, ku South Africa, Peter Taylor ndi anzake a ku yunivesite ya Venda adapeza kuti mileme imadya anunkhadala amene amaononga mtedza wa makademiya, mbeu imene maesiteti a ku Thyolo amalimanso.

Pali chenjezo limene mbiri ya bomali ikutipatsa. Kadiso ka kamera sikasiyanitsa kufunda kwa nguluŵe ndi kufunda kwa munthu. Kamajambula mai wotola nkhuni, mnyamata wodula njira, ndi munthu wopatuka kukadzithandiza. M'dera limene anthu akhala akuthamangitsidwa ndi alonda pa malo amene agogo ao adagwirapo thangata, kabokosi komangidwa pa mtengo mwachinsinsi kadzaoneka ngati mlonda winanso, ndipo kadzaphwanyidwa kapena kubedwa. Nzeru ndi yakuti mafumu ndi anthu a m'midzi yozungulira auzidwe ntchito isanayambe, zithunzi za anthu zifafanizidwe, ndipo alenje akale, amene amadziŵa mipita, alembedwe ntchito yosankha pomanga makamera. Zithunzi za nyama zibwerere ku masukulu a m'bomalo, kuti mwana wa ku Thekerani kapena ku Masambanjati aone changa wa kwao asanaone chimbalangondo cha ku Ulaya. Ndipo kamera ikajambula ngaka, malo ake asalengezedwe, chifukwa nyama imeneyi ikusakidwa ndi ogulitsa mamba ake, ngakhale kuti lamulo la 2017 lidaika chilango chofika zaka 30 m'ndende kwa opezeka ndi nyama zotetezedwa zotere.

Omvera athu, kuyambira pa moto wa pa bwato la Aojibwa kufikira pa kuŵala kosaoneka kwa Herschel, munthu wapeza njira yoonera nyama usiku popanda kuipha kapena kuidzidzimutsa. Ku Thyolo mitengo yotsala njochepa, koma usiku achanga akuitanabe m'menemo, ndipo akasupe amene midzi ndi mafakitale a tiyi amadalira akutumphukabe pansi pake. Inu a ku Thyolo, Mulanje, Zomba, Ntchisi, Nkhata Bay ndi Misuku, amene muli pafupi ndi nkhalango zoŵirira, khalani pansi ndi agogo anu, muŵafunse maina a nyama zimene ankamva usiku ali ana, ndipo muŵalembe m'kope. Ndondomeko imeneyo, ikadzaikidwa pambali pa zithunzi za kamera, ndiyo idzatiuze zimene zatsala ndi zimene zapita.